Buku la Tabita

"Ndiye ukuti adokotala akunama? Chidindo ichi nachonso chikunama?"

Bambo anali chiimire pakhonde, akugwedeza kabuku ka kuchipatala pamaso pa mng'ono wanga Tabita. Jekete anali asanavule n'komwe, fumbi la ku Boma likadali mbuu pansapato. Tabita anakhala pamkeka, envulopu ya ku yunivesite ili pamiyendo.

"Sindinati akunama, bambo. Ndati ine chifuwa chachikulu sindinadwalepo."

"Dzina lili pachikutopa ndi la yani? Tabita Gideoni ndine?"

"Dzinalo ndi langa."

"Nanga chipatala chadinda m'katimu si cha ku Madisi, komwe unkaphunzira?"

"N'chakomweko."

"Ndiye ukukana chiyani? Miyezi inayi ukumwa mankhwala mobisa, kenako n'kuwathawa osamaliza! Ine kumakukweza kabaza ndi thumba la ufa, kumauza anthu kuti mwana wanga ali pasukulu, chikhalirecho mwana ali pamzere wa odwala chifuwa. Lero ndachita manyazi, ine mkulu wa mpingo, kuuzidwa za m'nyumba mwanga ndi mnyamata woti n'kumubereka."

"Bambo a Lenia, tsitsaniko mawu," anatero amayi ali pakhomo la khitchini. "Anthu opita kumjigo akumva."

"Amve! Tibisenso chiyani? Wobisa wabisa kale, ndipo taonani kumene watifikitsa."

Nkhani yake inali yotere. Tabita anasankhidwa kukaphunzira unamwino ku yunivesite, woyamba m'mudzi mwathu muno m'mapiri a Dowa. Pamodzi ndi kalata yomuitana panabwera fomu ya kuchipatala. Ankafunika abayidwe katemera wa matenda a chiwindi, ayezedwe magazi ndi maso, ajambulidwe pachifuwa, kenako adokotala asaine n'kudinda kuti mwanayu sakapatsira anzake matenda m'kalasi ndi kogona. Fomuyo inayenera kufika pofika Lachisanu la sabata yachitatu, apo ayi malo apita kwa wina. Katemera anabayidwa, magazi anali bwino, chithunzi cha pachifuwa chinatuluka choyera. Zinthu zinavuta adokotala atatsegula kabuku. Anati munthu amene anathawapo mankhwala a chifuwa chachikulu sangamusainire mpaka makhololo ake atakaonedwa ku Lilongwe, ndipo yankho la kumeneko limatenga masabata asanu ndi limodzi.

Ine Lenia ndinali m'chigafa, pafupi pomwepo, ndikusankha fodya. Mlandu wonsewo ndikanatha kuuthetsa osadzuka n'komwe pamene ndinakhalapo. Buku linalidi la Tabita, koma chifuwa chinali changa.

Kwathu kubwerekana buku la kuchipatala n'chimodzimodzi kubwerekana khasu. Mabuku onse amakhala m'kachikwama kamodzi ndi makadi a mgonero, wodwala amangotola limene lagwera m'dzanja. Chaka chatha, Moffat atangondifunsira mbeta, ndinayamba kutsokomola ndi kuonda. Kuchipatala chathu chaching'ono sindikanapitako, chifukwa amene amasesa pakhonde pake ndi azakhali ake a Moffat yemweyo, ndipo kuno ukangoti chifuwa chachikulu anthu amamalizitsa okha kuti ndi matenda aja. Ndiye ndinatenga buku la Tabita, ndinasenza dengu la tomato ngati wopita kumsika, n'kukayezetsa ku Madisi. Ndinamwa mankhwala miyezi inayi. Thupi litabwerera ndinati ndachira, ndinasiya, buku n'kulibwezera m'chikwama.

Mungafunse kuti nanga bwanji sindinadzuke m'chigafamo. Mantha analipo, sindikana. Koma pansi pa manthawo panali kanthu kena kokoma. Chitulukireni mayina, pakhomo pathu panasanduka pamsika. Uyu wabwera ndi nkhuku, uyu ndi chitenje, abusa kudzapemphera, amayi a Mvano kudzaimba nthungululu. Bambo anasiya kumutchula dzina mwanayo, n'kumangoti "anesi athu". Ine amene ndinalekezera Fomu 2 kuti ndizisoka fodya wophunzitsira anesiwo, ntchito yanga inali kuphikira alendo tiyi. Ndiye tsiku limenelo, nditamva bambo akumukalipira, mtima wanga unati naye alaweko. Ndikunena mosabisa, ndinakondwa.

Tabita anatembenuka n'kuyang'ana kuchigafa. Sanayang'ane nthawi yaitali. Ine maso ndinawaponya patsamba limene linali m'manja, ngati kuti mtundu wake wandisokoneza.

"Kuyambira lero," anatero bambo akuponya kabuku pamkeka, "mbale yake, kapu yake. Azigona m'kanyumba ka makasu. Nsomba ikaola imodzi zonse zaola, ndipo pakhomo pano pakubwera ukwati."

Sabata yoyamba inandikomera, Mulungu andikhululukire. Lamulungu a kwaya anamuuza Tabita kuti ayambe wapumulako, akakhale benchi ya kumbuyo pafupi ndi windo. Amayi amene anabwera ndi nkhuku aja ndi omwewo ankadutsa atatseka mphuno ndi ngodya ya chitenje. Wina ndinamumva akuti, "Tinkadziwa ife, kuonda kuja sikunali kwa mayeso." Tabita amene chibadwire masaya ake sanaphwepo! Koma anthu akafuna kuona kuonda amakuona ndithu.

Pobwerera kutchalitchi bambo anayenda nane limodzi, zimene anali asanachitepo.

"Mwana ndi iwe, Lenia," anatero. "Sukulu ulibe, koma sunandichititsepo manyazi."

Mawu amenewo ndinawadikira zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinawalandira ndi manja awiri, ngakhale ndinkadziwa kuti ndi akuba. Madzulo ndinatenga chakudya cha Tabita n'kukachisiya pakhomo pa kanyumba ka makasu, ndikuusa moyo mokweza kuti amayi amve mmene ndikumumvera chisoni mng'ono wanga. Pobwerera ndinakhosomola mpaka misozi. Chifuwa chinali chitayambiranso mwezi wa Epulo, koma nyengo yosankha fodya aliyense amatsokomola ndi fumbi, ndiye panalibe wondifunsa.

Lachiwiri la sabata yachiwiri Tabita anandipeza kudimba ndikuthirira mpiru. Anaima kutsidya kwa bedi, kabuku kali m'manja.

"Achemwali, tandithandizani kukumbukira," anatero. "Tsiku loyamba la mankhwala m'bukumu ndi 14 Malichi. Tsiku limenelo munabwera kusukulu kudzandiona, munandisiyira tomato ndi chinangwa chophika. Ndinadabwa kuti achemwali anga ayamba liti kundikonda chonchi. Mwezi wotsatira munabweranso. Miyezi inayi, kenako zii."

"Ndiye kukuona kwasanduka mlandu?"

"Alembamonso kulemera kwa wodwala, makilo 47. Ine chiyambire Fomu 3 sindinatsikepo pa 58."

Ndinatula kheni pansi. "Kauze bambo. Ukundiuziranji ine?"

"Khoswe akakhala pamkhate sapheka, achemwali. Ndikanena ine, ukwati wanu watha lero lomwe, ndipo mudzi wonse udzati Tabita anaponda mkulu wake kuti iye akwere. Koma mukanena nokha, tipita awiri kwa adokotala mwakachetechete, andisainira, inunso akuonani. Bambo tidzawauza pang'onopang'ono. A Moffat ngati ali munthu adzamvetsa."

"Adzamvetsa! Unamuona kuti mwamuna womvetsa chifuwa? Iwe umadziwa mabuku, anthu suwadziwa."

"Mwina. Koma sindinalakwe kanthu ine."

"Ine ndinalakwa chiyani?" Mawu anangotuluka okha, ndipo atayamba sanafunenso kuima. "Tandiuza, ndinalakwa chiyani? Ndinali wachitatu m'kalasi ine, ukudziwa zimenezo? Chaka chimene matalala anaboola fodya, bambo anati mmodzi asiye. Anafunsa ndani? Anangotiyang'ana manja, n'kunena kuti Lenia ali ndi mphamvu. Iwe unali ndi mutu, ine ndinali ndi manja, ngati kuti Mulungu pondiumba anaiwala kundiika mutu. Taona manjawa! Phula la fodya silichokanso ngakhale nditakhula ndi mwala. Yunifolomu yako inachokera apa, nsapato zako zinachokera apa."

"Ndikudziwa, achemwali."

"Sukudziwa! Iwe uli ndi zingati? Nzeru n'zako, Chingerezi n'chako, bambo ndi ako, abusa ndi ako. Ine ndili ndi Moffat yekha ndi njinga yake yopanda mabuleki. Nayenso ndimupereke kuti iwe ukavale zoyera?"

"Ndikudziwa, n'chifukwa chake ndakhala chete mpaka lero. Koma kwatsala masiku khumi. Ndinaimba foni ku ofesi ya ku yunivesite kupempha kuti andidikire. Akuti lamulo ndi la onse, ndipo pali anthu ambirimbiri amene akudikira malo omwewo."

"Chaka chamawa kulinso sukulu."

"Chaka chamawa kulinso maukwati," anatero chapansipansi.

Ndinafuna kumuyankha mawu oti akagone nawo, koma chifuwa chinanditsekereza. Ndinakhosomola nditagwira mawondo, mpaka dziko linazungulira. Tabita analumpha bedi n'kuyamba kundisisita pamsana. Ndinamukankha.

"Chifuwa chimenecho si cha fodya," anatero.

"Unesi wayamba kale? Dikira ayambe akupatsa chipewa."

Sanakwiye, ndipo n'zimene zimandinyansa mwa mwana ameneyu. Anatola kheni, natunga madzi, n'kumaliza bedi limene ndinalisiya.

"Sindikukakamizani," anatero pochoka. "Patsepatse n'kulanda, mwana wa mfulu apatsa yekha. Ndidikira."

Loweruka kunabwera a Dominiko, amalume ake a Moffat, amene anali nkhoswe. Anakana kukhala pakhonde, anapempha kuti mpando auike pansi pa mtengo wa mango pomwe pamapita mphepo. Tiyi anamulandira koma sanamumwe.

"Sitinabwere ndi zambiri, a Gideoni," anayamba choncho. "Ife tinaona msoti wathu pakhomo pano, tinaukonda. Tsono tamva kuti m'khola mwalowa chitopa. Ndiye akuchimuna andituma kuti ndidzaone ngati msoti wathu uli bwino."

"Msoti wanu uli bwinobwino," anayankha bambo. "Yodwala tinaipatula tsiku lomwelo. Sidya ndi zinzake, sigona ndi zinzake."

"Mwachita bwino. Paja masukulu a masiku ano ana amabwerako ndi zambiri, si satifiketi yokha."

Onse awiri anaseka, bambo kuseka kwa munthu wopondedwa chala. Kanyumba ka makasu kanali pafupi, chitseko chili pululu, ndipo Tabita anamva zonse. Ine ndinagwada kuchotsa makapu, a Dominiko n'kunditamanda kuti ndine mwana wa mwambo.

Lolemba kunafika a Rute, alangizi a zaumoyo a dera lathu, atakwera njinga. Anati alandira uthenga kuchokera ku Boma kuti pakhomo pamene papezeka wothawa mankhwala, onse a m'nyumbamo ayezedwe. Anatigawira timabotolo tolavuliramo makhololo. Bambo anati zili bwino, pepala likatuluka akaliwonetsa kwa a Dominiko kuti pakamwa pawo patsekeke.

Ndinapita kuseri kwa nkhokwe ndi kabotolo kanga. Ndinaganiza zothiramo malovu okha. Ndinaganiza zokataya n'kunena kuti kagwera m'chimbudzi. Kenako ganizo lina linabwera, losalala bwino. Akandipeza nacho, adzati chachokera kuti? Mudzi wonse ukudziwa kale amene anabweretsa chitopa m'khola. Ine ndidzakhala wopatsiridwa, womvetsa chisoni, mwana wabwino amene ankaperekera wodwala chakudya. Moffat sangathawe munthu wotero, mpingo ungamuseke. Ndinakhosomola kuchokera pansi penipeni, ndinatseka kabotolo, n'kukakapereka mtima uli m'malo.

Lachisanu lija linafika. Tsiku limenelo tinkadinda mabelo, ndipo ndinalawirira kuchigafa mame asanakamuke. Ndinapeza Tabita ali pomwepo, atasamba, atavala siketi yake yakuda ndi bulauzi yosita, envulopu ili kukhwapa.

"Minibasi yoyamba imadutsa kumsewu 7 koloko," anatero. "Tikanyamuka panopa, adokotala tiwapeza asanatope. Akuti fomu ndikhoza kuijambula n'kuitumiza pafoni, bola isanakwane 5 koloko madzulo."

"Lero tikudinda. Bambo sangandilole."

"Ndiwapempha ine. Ndinena kuti mukundiperekeza."

"Jeke wodindira mabelo tabwereka tsiku limodzi lokha. Ukufuna fodya aonongeke chifukwa cha iwe?"

"Achemwali." Apa mawu ake ananjenjemera koyamba. "Ndagwira mwendo wanu. Sindinakupempheni kanthu chibadwire. Zaka zinayi ndinkadzuka anzanga ali m'tulo, kuwerengera pansi pa babu la kuchimbudzi. Ndinkati ndikayamba ntchito, woyamba kumuchotsa m'chigafa muno ndinu."

"Sindinakutume kuti undichotse. Ndinakuuza kuti muno mukundiwawa?"

Anandiyang'ana, kenako anapita kukakhala pamwala umene uli pamphambano ya njira yopita kumsewu. Minibasi ya 7 koloko tinaimva ikulira kutsetseko. Ya 9 koloko inadutsanso. Dzuwa linafika paliwombo iye ali pomwepo, envulopu ataiika pamutu kutchinga dzuwa. Nthawi iliyonse ndikatuluka kukatenga fodya wina, ankadzuka pang'ono, n'kukhalanso.

"Akudikira chiyani uyo?" anafunsa bambo akupotokola jeke. "Akuganiza kuti chidindo chigwa kumwamba?"

Amayi anamupititsira mbatata, anabwerera nayo. Podutsa pachigafa anaima, n'kundiyang'ana ngati akufuna kufunsa kanthu. Anameza funso lawolo n'kupitirira.

Wailesi ya bambo inali pamwamba pa belo. Itanena kuti nthawi yakwana 5 koloko, Tabita anadzuka, anasasa siketi, n'kulowa m'kanyumba kake. Sanalire mokweza. Ndinkayembekezera kuti mtima wanga uvina. Unavinadi pang'ono, koma m'kamwa munali mowawa, ndipo chakudya cha madzulo amenewo chinandikanika.

M'mawa mwake a Rute anabweranso. Njinga anaiimika patali, n'kuitana bambo ndi amayi pambali. Awiriwo anali bwino. Wopezeka ndi chifuwa chachikulu ndinali ine, ndipo ndinayenera kukaonana ndi adokotala ku Boma Lolemba.

Amayi anakhala pansi n'kuyamba kulira. Bambo anathamangira kukanyumba ka makasu, n'kumenya chitseko ndi phazi.

"Tuluka uone ntchito yako! Sukulu wataya, ulemu wanga wataya, tsopano wapha mkulu wako! Mwana amene ankakuperekera chakudya ndi manja ake! Ukwati wake ukalephereka udziwe kuti ndiwe. Tikabwerako ku Boma Lolemba ulongedze, ukakhale kwa azakhali ako ku Malomo. Pano ayi."

Tabita anatuluka n'kuima pakhomo. Sanayang'ane bambo, anayang'ana ine. Ine ndinabisa nkhope m'chitenje cha amayi n'kumalira, ndipo misozi yakeyo inali yeniyeni, chifukwa imfa ndinkaiopa. Koma pakamwa ndinatseka ndithu.

Lolemba tinapita atatu, bambo, ine ndi Tabita, amene anaitanidwanso. M'minibasi bambo anakhala pakati pathu. Tinapeza adokotala omwe aja, achinyamata a magalasi. Anatipatsa tonse zotseka pakamwa ndi mphuno, anatsegula mawindo, n'kuyala mapepala patebulo.

"Pali chimene chikundizunguza," anatero. "Makhololo a Tabita tinawayezakonso ndi makina athu konkuno, podikira yankho la ku Lilongwe. Simunapezeke kanthu. Pachifuwa pake m'poyera, alibe ngakhale chipsera. Sindikuona kuti akanawapatsira bwanji akulu akewa."

"Ndi yemweyu, adokotala," anatero bambo. "Pakhomo panga palibenso wina anadwalapo zimenezi."

Adokotala anatembenukira kwa ine. "A Lenia, munayamba mwamwapo mankhwala a chifuwa chachikulu?"

"Ayi."

"Ganizani bwino, musafulumire. Sindikufunsa kuti ndikuimbeni mlandu. Munthu amene anayambapo mankhwala n'kuwasiyira panjira, tizilombo take nthawi zina timauma mutu. Ameneyo timamuyeza mwapadera, ndipo mankhwala ake akhoza kukhala ena. Ndikakupatsani a munthu woyamba kumene pamene si inu woyamba, mudzaoneka ngati mukuchira, kenako chidzabwerera ndi ukali woti ife sitingachigwirenso. Ndaikapo anthu m'manda chifukwa cha funso limeneli. Munamwapo?"

Bambo ankandiyang'ana ndi maso achifundo amene ndinali ndisanawaonepo. Ndinaganiza za Moffat, za a Dominiko pansi pa mango, za benchi ya kumbuyo pafupi ndi windo.

"Ayi," ndinatero kachiwiri.

Adokotala anapukusa mutu pang'ono, natenga cholembera.

"Musalembe."

Anali Tabita. Anadzuka pampando n'kuika kabuku kake patebulo.

"Musalembe, adokotala. Achemwali angawa anamwapo miyezi inayi chaka chatha, n'kusiya. Anamwera m'dzina langa. Bukuli ndi langa, koma zonse zalembedwa kuyambira tsamba ili ndi zawo. Apatseni mankhwala oyenera."

"Iwe!" Bambo anadzuka. "Sikunakukwane kumudwalitsa, ukufunanso kumupaka matope pamaso pa anthu?"

"Bambo, khalani pansi," anatero adokotala. Anatsegula kabuku, anayang'ana tsambalo, anayang'ana Tabita, kenako ine. Anangodikira, cholembera chili m'mwamba.

Panja mwana wina ankalira pamzere wa sikelo. Ndinayesa kutukula lilime kuti ndinene ayi wachitatu, koma mpweya unandithera.

"Ndi ine, bambo," ndinatero. "Ndinatenga buku lake m'chikwama. Tomato uja ndinkapita naye ku Madisi sanali wa malonda."

Bambo anakhala pansi mwapang'onopang'ono. Ndinadikira kuti andikalipire, anditukwane, andimenye kumene. Sanandiyang'ane n'komwe. Anatembenukira kwa Tabita.

"Unadziwa liti?"

"Tsiku lomwe tinachokera kuno lija."

"Masabata atatu onsewa? Pamene ndimakugoneka ndi makasu?"

"Eya, bambo."

"Lachisanu, uli pamwala paja, unkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Nanga unakhaliranji chete, mwana iwe?"

"Lachisanu inali sukulu, bambo. Lero ndi moyo."

Adokotala anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Anatiuza mawu angapo okhudza kubwerekana mabuku, kuti buku si khasu, munthu aliyense akhale ndi lake. Kenako anapempha fomu ija, anaisaina, n'kudinda chidindo chimene chinachedwa ndi masiku atatu. Anati Tabita ayesebe kuimba, iwo ali okonzeka kulemba kalata yofotokoza. Tabita anatuluka ndi foni. Tinkamuona pawindo ataima pansi pa mtengo, akugwedeza mutu, akuti zikomo, zikomo. Atabwerera anati malo anaperekedwa kwa wina Lachisanu lomwelo. Akuti adzayesenso chaka chamawa pamodzi ndi ena onse, koma salonjeza kanthu.

"Madzi akatayika saoleka," anatero bambo, mawu ali osasa. Chipewa chinali m'manja, akuchipinda ngati si chawo.

Adokotala anandilembera buku latsopano, la dzina langa, n'kunditengaso makhololo ena. Pomaliza anati pakufunika munthu mmodzi wa pakhomo woti azindiyang'anira tsiku lililonse, aziona ndi maso ake kuti ndameza, chifukwa ndinathawapo kale. Anayang'ana bambo. Bambo anayang'ana pansi.

"Lembani ine," anatero Tabita. "Nthawi ndili nayo."

A Dominiko anabwera Lachinayi, ulendo uno osakhala n'komwe pampando. Anati akuchimuna ayamba aganiza kaye. Moffat ndimamuona akudutsa panjinga kumsewu, nkhope atalozetsa kuphiri ngati kuli chachilendo. Bambo anakagwada okha pakhomo pa kanyumba ka makasu n'kunyamula mphasa ya Tabita kuibwezera m'nyumba. Ine sanandithamangitse, sanandikalipire, koma chiyambire tsiku limenelo akafuna kundiuza kanthu amauza amayi.

Ndikanakonda Tabita akananditukwana. Akanandilavulira, akanauza mudzi wonse, ndikanapeza pogwira, ndikanati mwaona, nayenso ndi munthu ngati ine. Koma ayi. M'kalasi anandiposa, ndinapirira. Pamaso pa bambo anandiposa, ndinapirira. Tsopano wandiposanso pamtima, ndipo pamenepa palibe matalala kapena bambo woti ndimunamizire. Nsanje imeneyi adokotala sanaipatse mapiritsi, ndimadzuka nayo, ndimagona nayo, ndipo imawawa kuposa chifuwa.

Lolemba lapitali anzake anayamba maphunziro. Mnzake wina anamutumizira chithunzi pafoni, atsikana atavala zoyera, atandanda pamasitepe. Ndinamuona akuchiyang'ana kuseri kwa khitchini, akupukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. Atamva kuti ndadzuka anaika foni m'thumba, anasamba kumaso, n'kubwera ndi madzi ndi mapiritsi. Anagwada pafupi ndi mphasa yanga, anawerenga mapiritsiwo m'dzanja langa limodzilimodzi, n'kudikira.

"Tabita," ndinatero, "bwanji osangondida?"

"Ndinayesa, achemwali. Lachisanu lija ndinayesa tsiku lonse." Anandipatsira madzi. "Imwani. Mukatha mutsegule pakamwa, ndione ngati mwameza."